Ndinasiya Mizere Yanga ku Phalombe

Ana anga ndi zidzukulu zanga, ndagwira cholembera ine, ndagwira ndi dzanja lomwe lija linkasoka fodya! Zilembo zanga zikuyenda chammbali ngati nkhanu, koma zikuyenda. Sukulu ya kwacha ya kutchalitchi inanditsekula maso imvi zitamera kale, ndiye sekani, inenso ndikuseka. Ndine Enelesi, mwana woyamba wa amayi Nangondo a ku Phalombe, mayi wa Esinati, Laisoni ndi Mavuto. Za ubwana sindilemba. Ndilemba za ntchito, ndi mmene ntchitoyo inandizulira pamunda panga, mpaka lero ndilibe poloza kuti apa ndi panga.

1992, chaka cha chilala

Kwathu munda ndi wa mkazi. Mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi wake, ndiye mkamwini ameneyo, amalima munda wa mkaziyo, ndipo ana ndi a kuchikazi. Agogo anga anali ndi munda woti ukaima uku, wa uko sakumva ngakhale ukuwe. Anabereka ana aakazi asanu, munda unang'ambidwa pasanu. Amayi anabereka ife aakazi anayi, unang'ambidwanso. Nditakwatiwa ndi abambo anu a Mulepa, amayi anandiloza gawo langa, mizere khumi ndi iwiri. Ee, khumi ndi iwiri, ine, mwamuna ndi ana awiri! Anthu timabereka anthu, koma nthaka sibereka nthaka inzake. Chaka chimenecho dzuwa linawotcha ngakhale timizere tomweto. Ndiye pamsika panafika lole, munthu wovala jekete ataima pamwamba akufuula kuti kumpoto, ku Rumphi, malo akungogona, eni maesiteti a fodya akufuna matenanti. Banja lilandira munda wolimapo fodya, lilandira chimanga mwezi ndi mwezi, pokolola mwini esiteti agula fodyayo.

Abambo anu anati, "Amake Esinati, tiyeni tikaone. Chaka chimodzi chokha, tikapeze malata."

Amayi sanandiletse. Anangoti, "Pita, koma mizere imadziwa khasu la mwiniwake. Usachedwe."

Ndinaitana mng'ono wanga Dorofe, ndinamuyendetsa m'malire, ndinati undisungire. Iye anaseka, "Achemwali, mizere ili ndi miyendo? Muipeza ili pompano."

Tinakwera lole ija mabanja ambirimbiri, mphika pamwendo, mwana kumsana. Ndinayambitsa nyimbo ndine, yongopeka pomwepo, yoti tapita kokatenga malata, tibwera mvula isanagwe. Amayi onse anavomera, manja phwaphwa, nthungululu mpaka kudutsa Zomba. Tsiku lachitatu mawu anali atatha, tinatsika ku Bolero tili mbuu ndi fumbi.

Zaka za ku Bolero

Nyumba zathu zinali za udzu, zondondozana kumapeto kwa esiteti, chitseko cha mapesi. Ntchito ya fodya ilibe Sabata. Kuthirira nazale m'mawa ndi madzulo, kuunga mizere, kuwokera mvula ikukugwa pamsana, kupalira, kubandira, kudula mitu, kuthyola masamba, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, kumanga mindindi. Kusoka ndinkakudziwa ine! Singano yanga inkathamanga, amayi anzanga ankati Enelesi ali ndi manja anayi. Mwini esiteti tinkamutchula Bwana Machero, chifukwa chilichonse ukapempha ankayankha kuti machero, ndiye kuti mawa pa Chitumbuka. Chimanga chatha bwana, machero. Mwana wadwala bwana, machero. Pofika Januwale thini la chimanga linkabwera losadzaza, mwezi wina osabwera n'komwe, tinkadya nkhwani wopanda mchere, fodya ali biriwiri mbali zonse koma fodya sadyedwa.

Amene anatipulumutsa ndi NyaKumwenda, mayi wa m'mudzi woyandikana ndi esiteti. Ndinkakamupalirira chimanga, iye n'kundipatsa ufa ndi nyemba. Ndiye anandiphunzitsa kunena monire ndi yewo chomene, moni ndi zikomo wa Chitumbuka. Tsiku lina tikupalira ndinamuuza za mizere yanga. Anaimika khasu.

"Mukuti munda ndi wanu inuyo, amama? Osati wa adada?"

"Wanga! Abambowa kwathu ndi alendo. Atati andilakwire, ndingowaikira bulangete lawo pakhomo."

Anaseka mpaka kukhala pansi. "Kuno ayi. Ine anandilowola ndi ng'ombe, ndinabwera kwa mwamuna. Munda ndi wake, akafa ndi wa ana ake aamuna. Langa ndi khasu lokhali."

Ndinamumvera chisoni ine, tenanti wovala chitenje chazigamba kumvera chisoni mwini mudzi! Ndinkayenda pa Bolero mutu uli m'mwamba, mumtima ndikuimba kuti ndili ndi kwathu, ndili ndi kwathu. Chaka chimodzi chija chinabala chachiwiri, chachiwiri chinabala chachitatu. Pogulitsa fodya chotsala m'manja chinkakhala chochepa, ndipo manyazi obwerera kumudzi chimanjamanja ankatigwira miyendo. Mavuto anabadwira momwemo. Kalata ndinkatumiza mwa apo ndi apo, yochita kundilembera ena.

Malichi 1998

Chaka chimenecho fodya anabereka, mayo ine, anabereka! Masamba ngati makutu a njovu, chigafa chodzaza mpaka kuwonjezera china. Abambo anu anali atayamba kale kutsokomola, koma ankamwetulira akamayenda m'mizere. Tinati chaka chobwerera ndi chino. M'mawa wina ndikusoka, ndinaona NyaKumwenda akuthamanga, mpango uli m'manja.

"Amama, wailesi yakutchulani! Pa mauthenga a maliro. Akuti Enelesi Mulepa, kulikonse muli ku Rumphi, amayi anu atisiya, bwerani msanga."

Ndinagwa pamasamba pomwepo. Nditadzuka tinapita kwa bwana, ine ndi abambo anu. Tsiku limenelo sananene machero, ananena zomveka. "Pepani chomene, amama. Koma fodya sadziwa maliro. Masamba akupsa tsiku ndi tsiku, amuna anuwa ndi odwala, sangathyole okha n'kusokanso okha. Mukapita pano, mundawu ndipatsa banja lina, ndipo amene wachoka fodya asanagulitsidwe amachoka ndi mphika wake basi."

Tsono mumve bwino apa, chifukwa sindikufuna kudzibisa. Kuika maliro ndikanakupeza atatha, ulendo wake ndi wautali. Koma kwathu akaika maliro pamapita masiku, kenako pamabwera kumeta. Abale onse amameta tsitsi, ndipo pomwepo mwini mbumba, ndiye malume wathu, amagawa za malemu ndi kunena za munda, kuti apa ndi pa uje, apo ndi pa uje. Kumetako ndikanakupeza. Ndinkadziwa, ndipo abambo anu ankadziwanso.

Anati, "Amake Esinati, pitani. Fodya timusiye. Ine kwanu ndine tambala wobwereka, sindingakakuimirireni pagulu. Mwana woyamba akasowa pometa, anthu aziti chiyani? Nanga mizere ija?"

Ine ndinayang'ana chigafa. Zaka zisanu ndi chimodzi za nkhwani wopanda mchere zinali zitapachikika mmenemo, zikuuma bwinobwino, zofiirira ngati uchi. Ndinati, "Dorofe ndi mng'ono wanga, tinayamwa bere limodzi. Tikafika mu Ogasiti ndi malata, adzamvetsa."

"Mwatsimikiza?"

"Ndatsimikiza."

NyaKumwenda anakatenga lumo, anandimeta kuseri kwa chigafa, tsitsi langa tinalikwirira m'nthaka ya Bwana Machero. Masana omwewo ndinabwerera pa singano. Ndinkasoka ndikuimba nyimbo za maliro za kwathu, amayi anzanga a ku Mulanje ndi ku Thyolo akuvomera, aliyense akulira ake.

Ogasiti 1998

Fodya anagulidwa bwino, zoona. Tinatsanzika kuti tapita ndithu, mphika wanga waukulu ndinamusiyira NyaKumwenda. Pa Limbe tinagula malata, bulangete la amalume, chitenje cha Dorofe, shuga. Ndinatsika galimoto ndikuvina, ana akundichitira manyazi. Ndinathamanga njira yachidule yodutsa kumunda kuti ndiyambe ndapereka moni kwa mizere yanga. Ndinapeza nyumba. Nyumba ya njerwa ya Dorofe, khola la mbuzi, chimbudzi, ndipo kotsalako kunali nandolo wa azing'ono anga ena awiri, malire atsopano atakumbidwa.

Anatilandira, sindinama, anatiyalira mphasa pakhonde la amalume a Likoswe, anatipatsa thobwa. Laisoni atalandira chikho anagwada bwino n'kunena kuti, "Yewo chomene." Bwalo lonse linaphulika. "Atumbuka afika! Tamuuzani anenenso!" Mwana anabisa nkhope pamsana panga. Amalume sanaseke. Anadikira anthu akhale chete.

"Enelesi, mwana wa mlongo wanga, tinakudikira masiku atatu lumo lili m'manja. Galimoto iliyonse ikaima pamsewu tinkati ndi ameneyo. Tsiku lachinayi ndinafunsa mbumba kuti titani. Anati Enelesi ali ndi esiteti kumpoto, sangasowe polima. Ndinagawira amene anameta."

"Amalume, esiteti ndi ya eni. Inenso ndinameta, taonani tsitsili, silinakule."

"Unametera kuti?"

Ndinatembenukira kwa Dorofe. Anali ndi mwana kubere, wina pamwendo, mimba ili kutsogolo. Sanathawitse maso. Anati, "Achemwali, ndinasunga zaka zisanu. Ana anga ndi asanu, uyu akubwerayu wachisanu ndi chimodzi. Ndiwagoneke mumtengo? Amayi akudwala ndinkawatembenuza ndine, ankakutchulani mpaka mawu kutha."

Ndinkafuna kukwiya, ndinaufunafuna mkwiyo m'mimba monse, koma pabwalo paja ana anali yakaliyakali, osadziwika uyu ndi wa yani, ndipo nyumba zinali zitagundana mpaka m'mphepete mwa manda. Ukanati ulande, ulanda kwa yani? Ndinapita pamanda a amayi, ndinagwada, ndinati ndachedwa. Tinagona sabata ziwiri m'khitchini mwa Dorofe, malata ali tsamire pakhoma, opanda pokhomera. Tinawagulitsa kwa mwamuna wake. Tsiku lonyamuka abambo anu anati, "Kwanu mwamuna alibe munda, kumpoto mkazi alibe munda, ndipo kumpotoko ine ndine wobwera. Awirife tasowa ponseponse." Pa ulendo umenewo sindinaimbe.

Seputembala 1998, kalembera

Ku Bolero malo athu anali atalowa ena, tinakapeza esiteti ina m'chigwa cha Henga, kufupi ndi Phwezi. Tisanathe sabata panafika mtsikana wa boma wowerenga anthu, chikwama paphewa, mapepala m'manja. Anakhala pa mtondo, anafunsa mayina, zaka, ana amoyo ndi akufa.

"Nyumbayi ndi yanu, amama?"

"Ya abwana."

"Munachokera kuti?"

"Ku Phalombe. Koma tandiuza mwanawe, pamenepo wandilemba kuti ndine wa kuti, wa ku Phalombe kapena wa ku Rumphi?"

Anati, "Ife timamuwerengera munthu pamene tamupeza akugona. Inu mwalowa m'chiwerengero cha Rumphi."

Ndinaomba m'manja, ndinati yewo, boma lokha ndi limene landilandira! Iye anaseka, analemba nambala ndi choko pamtengo wa chitseko, anapita nyumba ina. Mvula yoyamba inafufuta nambalayo.

2002, chaka cha njala

Chaka chimenecho thini silinabwere n'komwe. Tinadya gaga, tinadya mitsitsi ya nthochi. Chifuwa cha abambo anu chinapeza thupi lopanda kanthu, anatisiya mu Febuluwale. Kuwanyamula kupita kwawo ku Mulanje sitikanatha. Eni mudzi anatichitira chifundo, anatiloza kumapeto kwa manda awo, kumene amaika alendo, pafupi ndi mitengo ya bulugamu. Anakumba ndi matenanti anzathu, nawonso ali ndi njala. Fodya atagulitsidwa kapitawo anandiuza mwaulemu kuti munda wa tenanti amapatsa banja la mwamuna, mkazi yekha ayi. Zaka khumi za singano zinathera pamenepo.

Zaka za ku Phwezi

Mulungu sagona! Ndinalembedwa ntchito yochapa ndi kuphika kwa aphunzitsi a Chirambo ndi akazi awo NyaMhango, anamwino, anthu a tchalitchi, a pemphero m'mawa pemphero madzulo. Anandipatsa kachipinda kuseri, ana anga anawalowetsa sukulu. Abwana abwino ngati amenewo sindinawaone. NyaMhango ankakalipa pa kolala ya shati yokha, ankati, "Enelesi, simbi siluma, ikanikize!" Ndinawachapira mpaka onse awiri anapuma ntchito, mpaka ine zala zinatupa. Koma ndinaona chodabwitsa m'nyumba imeneyo. Ana awo asanu ndi mmodzi onse anaphunzira, ndipo onse anapita, wina ku Lilongwe, wina ku Blantyre, ena kunja kwa nyanja. Kumudzi kwa a Chirambo munda unali wokula ngati wa agogo anga uja, utamera tchire, nyumba ya malata muli mileme. Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Adada, tchire lija bwanji osandidulirako pang'ono, pongokwana kanyumba ndi mizere?"

Anavula magalasi. "Enelesi, ndikanakonda. Koma si langa ndekha, ndi la a Chirambo onse, ndi ana aamuna amene ali kutaliwo. Adzabwera."

Sanabwere, amangobwera pamaliro ndi magalimoto, Lamlungu n'kubwerera. Kwathu anthu alibe nthaka, kuno nthaka ilibe anthu, koma zonse zili ndi eni. Anga nawonso anauluka, poti panalibe chowagwira mwendo. Laisoni uli ku Joni, umaimba foni pa Khirisimasi. Mavuto ukupalasa kabaza ku Mzuzu, kachipinda ka lendi. Esinati anakulowola a Gondwe a kufupi ndi Bolero, ndinavina tsiku limenelo mpaka chitenje kugwa! Zidzukulu zisanu, zonenepa, zanzeru, zoimba ngati agogo awo. Kwathu zikanakhala mbumba yanga. Kuno ndi za a Gondwe, ndipo ndi bwino, zili ndi pokhala.

Tsopano

Nditalephera kuchapa, Esinati anadzanditenga. Ndikukhala pamudzi pa mkamwini, chinthu choti kwathu angaseke mpaka misozi. A Gondwe ndi anthu, anandimangira kanyumba, anandibwereka kadimba kuseri kwake. Chaka chatha kunabwera banja lachinyamata la ku Phalombe, matenanti atsopano, poti malole sanasiye kubwera. Anandifunafuna mpaka kundipeza, atanyamula kathumba. Anati awa akupatsani a Dorofe, ndi mapeyala a mumtengo wa pakhomo pa amayi anu, akuti akalamba, maso sakuona, mudye muwakumbuke. Ndinadya ndikulira, ndinadya ndikuseka, ndinanyambita ndi zala zomwe. Nthanga imodzi ndinaikwirira pakona pa kadimba. Inamera, ana inu, inamera! Timasamba tofiirira, kenako tobiriwira, mpaka kufika m'bondo. M'mawa uliwonse ndinkaithirira madzi otsukira mbale ndikuiimbira.

Tsiku lina kunabwera a Gondwe aakulu, achimwene awo a mkamwini wanga. Anaodira, anakhala pansi, anavula chipewa, anafunsa za miyendo yanga. Kenako anati, "Amama, musandimve molakwa. Chimanga limani, nyemba limani, mpaka tsiku limene Mulungu adzakuitaneni. Koma mtengo ayi. Pamalo obwereka sitibzala mtengo."

"Adada, ndi kamtengo kamodzi. Zipatso adzadya ndi ana anu omwe."

"Ndikudziwa. Koma mtengo umatsala munthu atapita. Mawa Laisoni ndi Mavuto adzabwera, adzati mtengo wa amayi athu, pamene pali mtengo wa amayi athu ndi pathu. Ana athu ndi ana anu adzadana ife kulibe. Tinaziona kale zimenezi."

Esinati anatuluka m'khitchini chikuni chili m'manja, maso ali psuu. "Alamu, mayi anga alima fodya wa dziko lino mpaka msana kupindika, ndiye kamtengo—" Ndinamugwira mkono. Ndinati khala chete mwanawe, ukwati ndi wako, ana ndi ako, adadawa sananame. Ndinathokoza a Gondwe, ndinawaperekeza mpaka panjira.

Ndinakumba ndekha, mozungulira patali kuti ndisadule mitsitsi. Ndinakaika mu ndowa yakale yobooka pansi, ndinathiramo dothi ndi manyowa a mbuzi. Kanafota sabata imodzi, kenako kanadzuka. Kali pakhonde panga pano, kandipitirira m'chiuno. Koma mitsitsi yapeza pobooka paja, ikumatuluka kufuna pansi. Ndiye Loweruka lililonse ndimanyamula ndowa ija ndi kuisuntha, kuti isagwire nthaka ya eni.

Laisoni, Mavuto, ndalembera inu makamaka. Amene ayambe kupeza malo akeake, ngakhale ongokwana mphasa, a pepala kapena opatsidwa pamaso pa mboni, abwere adzatenge mtengowu. Musachedwe ngati ine. Ndowayi ikulemera, Loweruka lapitali ndinachita kuikoka chokhala pansi.